Utsi wa pikapu yanga utulukire kuti?

Lolemba lapitali paipi ya utsi ya pikapu yanga inathothoka pa msewu wa ku Chitala.

Sizinandidabwitse. Galimotoyi ndi yakale kuposa mwana wanga woyamba, amene pano ali ndi ana akeake awiri. Ndinaigula pa okushoni nditangopuma ntchito yosunga katundu pa hotela ina kuno ku Senga Bay. Eni ake oyamba ankanyamulira fodya. Kagalasi ka kumbuyo kwa dalaivala kanasweka ndisanaigule, ndipo tinangotsekapo ndi lata. Hutala imalira ikafuna yokha. Koma injini yake, kunena zoona, sinandichititsepo manyazi.

Tsikulo tinapita kukatenga chimanga kwa achemwali anga. Amene mumaudziwa msewu umenewu nyengo ya mvula mukudziwa kuti mathirakitala amakumba mbali ziwiri n'kusiya msana pakati. Msana umenewo ndi umene unakola paipiyo. Tinangomva kuti khwe-e, kenako chiphokoso ngati tikufuna kuuluka. Alamu anga a Lingisoni, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, amene amayendetsa galimotoyi, anatsika n'kubwerera m'mbuyo. Anabwera atasenza chitsulo chonse paphewa ngati apha nsato. Sayilensa, chitini chija chimameza phokoso la injini, inali itadyeka ndi dzimbiri moti chala chimalowa.

Tinaziponya pamwamba pa matumba n'kupitiriza ulendo.

Tikulowa m'tauni ya Salima, anthu anatuluka m'magolosale. Anayesa ndi galimoto za chipani zikupita ku msonkhano. Ena anakweza manja mwa chipani ichi, ena mwa chipani icho. Mayi wina anatithamangira akufunsa ngati tikugawa nsalu. A Lingisoni nkhope inawala.

"Alamu, mwaona? Zaka zonsezi timadutsa pano ngati akuba. Lero Salima yatidziwa."

Ndinaseka. Sindinaganize kuti akunena zochokera pansi pa mtima.

Ndifotokoze kaye kuti masiku onse galimotoyi imayenda matola, kunyamula anthu pakati pa Senga Bay ndi Salima. M'nthawi ya chipani chimodzi ntchito imeneyi inali yobisalirana ndi apolisi. Chibwerereni matipate aliyense amene ali ndi matayala anayi akunyamula anthu, ndipo kulimbirana okwera kwafika poipa. Ine sindikwera kawirikawiri. Ndikakwera ndimakhala kutsogolo, monga mwini wake.

Lachiwiri m'mawa tinapita kwa Che Kasimu, amene amawotcherera zitsulo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa Salima. Ndi bambo wa imvi, wosalankhulalankhula, ndipo kofiya yawo yoyera sindidziwa kuti amaisamala bwanji pakati pa mwaye wonse uja. Anayala katoni, analowa pansi pa galimoto, anakhalako nthawi. Atatuluka anandifunsa funso limene m'moyo mwanga monse sindinafunsidwepo.

"Bwana, utsi mukufuna utulukire kuti?"

"Kunja," ndinayankha.

"Kunja n'kwakukulu, bwana."

Anatola kamtengo n'kujambula pamchenga. Anati njira yoyenera ndi yaitali. Paipi ichoke ku injini, idutse pansi pa bodi yonse, ikalowe mu sayilensa, ikwere pamwamba pa chitsulo chogwira matayala akumbuyo, ikatulukire kumapeto kwenikweni. Ntchito ya masiku awiri, chifukwa paipi yotere amaipinda ndi manja pang'onopang'ono. Sayilensa anati ipezeka.

A Lingisoni sanadikire kuti amalize.

"Masiku awiri galimoto ili chiimire? Che Kasimu, dulani pafupi apa, kuseri kwa mpando wanga. Sayilensa musaikenso. Anyamata onse a matola adula. Injini imapuma bwino, mphamvu imachuluka, petulo sapita wambiri. Komanso hutala yathu mukuidziwa. Anthu azitimva tili patali, azithamangira ku msewu tisanafike."

Ngati za mphamvu ndi petulozo n'zoona, ine sindikudziwa. Che Kasimu sanatsutse. Anangolowetsa chala m'chibowo china cha pansi pa bodi, pamene dzimbiri linadya, chala n'kutulukira pamwamba pomwe pamakhala anthu.

"Kumbuyo kuno mumanyamula chiyani?"

"Anthu," anatero alamu. "Koma galimoto ikamathamanga mphepo imachotsa utsi wonse. Inu simuyendetsa, Che Kasimu."

Mkulu uja anatembenukira kwa ine. "Galimoto ndi yanu, bwana."

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaganiza mozama. Ayi. Dzuwa linali litayamba kuwotcha, ndinali ndi nkhani ya m'nyuzipepala yoti ndilembe, ndipo kukangana ndi mlongo wa mkazi wako n'kuyamba mlandu umene umakathera kuchipinda. Ndinati, "Chitani zimene akunena alamuwa."

Che Kasimu ananong'ona kuti "Astaghafirullah," anavala magalasi awo akuda, nayatsa moto wa gasi. Pasanathe ola limodzi tinali pa msewu, tikubangula.

Lachitatu masana kunyumba kwanga kunabwera Abiti Selemani. Mayi ameneyu amagula usipa kwa asodzi m'mamawa n'kukagulitsa ku msika wa Salima, ndipo wakhala akukwera galimoto yanga ndi beseni lake chiyambireni matola. Anakana mpando. Anaima pafupi ndi khonde, beseni lopanda kanthu lili m'khwapa.

"Bwana, galimoto yanu yayamba kutiphika."

"Kukuphikani bwanji, mayi?"

"Utsi ukulowera pansi. Ndafika ku msika mutu ukugunda ngati ndagona pa dzuwa. Nsomba zanga ogula akuti zikununkha petulo. Adalaivala ndawauza, akuti ndikwere ndege."

"Ndamva, mayi. Tiona."

Mukuwadziwa mawu amenewa? "Tiona." Ndawamva kwa makalaliki, kwa makhansala, kwa mabwana anga akale. Ndinadabwa kuti anatuluka mosavuta chotere m'kamwa mwanga. Abiti Selemani anandiyang'ana pang'ono, anati "Zikomo," n'kumapita. Alamu sindinawauze kanthu.

Lachinayi kunacha ndi mvula. Ndinayenera kupita ku positi ofesi, choncho ndinakadikira galimoto pa siteji. Itafika ndinapeza kuti mpando wanga wapita. A Lingisoni anali atakweza azungu awiri, mnyamata ndi mtsikana, aja amayenda ndi zikwama zikuluzikulu kumsana.

"Alamu, lero mupirire kumbuyo. Alendowa sangakhale ndi nsomba."

Kotero kwa nthawi yoyamba ndinakwera kumbuyo kwa galimoto yanga.

Tinalipo anthu oposa khumi. Chifukwa cha mvula alamu anatsitsa lona mbali zonse n'kumanga zingwe zolimba, mkati n'kukhala kamdima. Abiti Selemani anandipatsa moni ngati dzulo lake sitinaonane. Pa kona ya kutsogolo, pamwamba pa tayala la sipeya, panakhala Nachisale, mtsikana wochapa zovala pa loji ina, amene amuna ake ndi ophika pa hotela imene ndinkagwira. Ali ndi pathupi pa miyezi yambiri ndithu, ndipo amapita ku sikelo. Anthu anamupatsa malo amenewo mwaulemu, chifukwa ndi pamene galimoto sidumphitsa kwambiri. Palibe amene anadziwa kuti paipi yodulidwa ija imathera pansi pake penipeni. Ine ndekha ndi amene ndinkadziwa, ndipo sindinakumbukire.

Phokoso la kumbuyo ndi lina, abale anga. Kutsogolo umalimva m'makutu, kumbuyo umalimva m'mano. Palibe amene ankacheza. Titadutsa pang'ono maso anayamba kuwawa, kenako mutu kulemera, kenako ndinayamba kumva tulo tokoma, tosayenera nthawi ya m'mawa. Bambo wina patsogolo panga ankangoyasamula.

Tili cha ku mphambano ya ku Maganga, Nachisale anatsamira pa phewa la mayi amene anali naye pafupi. Mayiyo anayesa wagona. Galimoto itagunda dzenje, mutu wa mtsikanayo unagwera kutsogolo, thupi lonse n'kutsetsereka kuchoka pa tayala lija ngati thumba losamanga.

"Nachisale! Iwe Nachisale!"

Sanayankhe. Maso anali otseka mwatheka, manja ali lende.

Tinayamba kumenya. Pa matola ukafuna kutsika umagogoda denga la dalaivala ndi khobidi, iye n'kuima. Tinagogoda ndi makobidi, ndi zibakera, ndi nsapato. Ine ndinamenya lata lija la kumbuyo kwa dalaivala mpaka chikhatho kutupa, ndikufuula dzina la alamu anga. Galimoto inangopitirira. A Lingisoni anali kuseri kwa lata lomwelo, pafupi kwambiri moti ndikanatha kuwagwira khutu, koma sankamva chilichonse kupatula injini yawo. Pambuyo pake anandiuza kuti nthawi imeneyo n'kuti akuwalozera azungu aja minda ya mpunga.

Abiti Selemani sanafuule nawo. Anasolola kampeni m'chiuno, anadula chingwe cha lona pa kona ya kutsogolo, anaimirira mutu n'kutulukira pamvula. Kenako anawerama, ananyamula beseni lake lodzaza usipa, analikweza pamwamba pa denga n'kulikhuthula lonse kutsogolo.

Usipa unatsikira pa galasi la dalaivala ngati matalala.

Mabuleki analira, tonse tinagwerana. Injini itazima kunangoti zii, mvula yokha ikumveka pa lona. A Lingisoni anatsegula chitseko mwaukali.

"Ndani wachita zimenezi? Ndani ameneyo?"

 Tinali tikutsitsa Nachisale. Tinang'amba lona n'kuliyala m'mbali mwa msewu, tinamugoneka chammbali. Abiti Selemani anagwada, anamasula mpango wa mtsikanayo, akumukupiza ndi chitenje, akumuitana dzina osaleka, pakatipakati akutchula dzina la Mulungu m'chinenero cha ku mzikiti. Mvula inkamugwera kumaso. Azungu aja anaima poteropo, usipa uli mbwee kumapazi awo, osamvetsa chimene chachitika. Mtsikana wachizunguyo anabweretsa botolo la madzi. A Lingisoni anangogwira chitseko, kukamwa kuli yasa.

Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Nachisale anakhosomola, anasanza, anatsegula maso. Mawu ake oyamba anafunsa ngati khadi lake la ku sikelo lanyowa.

"Alihamudulillah," anatero Abiti Selemani, nakhala pansi m'matope momwemo.

Tinapitiriza ulendo lona lili chovula. Nachisale anakhala kutsogolo mawindo ali otsegula, azungu anabwera kumbuyo, tonse tinanyowa mpaka mkati. Ku chipatala namwino anamugoneka, anaika kachitoliro kake pamimba n'kutsamiritsa khutu. Ine ndinali panja pa chitseko, koma mayi amene analowa naye anandiuza kuti namwinoyo anamvetsera nthawi yaitali, akusunthasuntha kachitoliroko, asananene kuti mtima wa mwana ukugunda. Dokotala atamva kuti mwini galimoto ndine, anandiitanira pambali. Sanandikalipire. Anangondifunsa ngati ndinamvapo za anthu amene amagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mwezi wa June, m'mawa osadzuka. Ndinati ndinamvapo. Anati ndi mpweya womwewo, ndipo umene umapha si umene umanunkha.

Madzulo a tsikulo amuna a Nachisale anabwera kwathu, asanavule n'komwe malaya awo oyera a kukhitchini. Mnyamata ameneyu anayamba ntchito ine ndili pa hotela paja, ndipo amanditcha bambo. Nayenso anakana mpando.

"Bambo, sindinabwere kudzakangana. Ndangofuna kumva chinthu chimodzi. Munkadziwa?"

Ndikanatha kunena kuti zinali za alamu. Ndinati, "Abiti Selemani anandiuza dzulo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anayang'ana pansi, anati, "Chabwino, bambo." Anatuluka pa geti n'kulitseka bwinobwino. Chikhala anandilalatira, mwina ndikanapepukidwa.

Tsono musandimve molakwa. Ine sindili m'gulu la aja ayamba kunena kuti kale kunali bwino chifukwa kunali bata. Bata limenelo ndimalidziwa. Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa malo pamene munthu wachilendo akakhala pa bala ndi botolo limodzi kwa maola atatu, tonse tinkayamba kukamba za nyengo. Voti yanga pa riferendamu ndinaponya ku nyali ya matipate, ndipo nditati ndibwerere ndikhoza kuponyanso komweko. Walira mvula walira matope. Ngati mtengo wa kulankhula momasuka ndi phokoso, ndilipira.

Koma taonani chimene tachita nalo phokosolo. Mabala a ku Senga Bay alozetsa masipika ku msewu. Mlaliki wa pa depoti wagula chimkuzamawu, mnzake wa tsidya lina wagula chachikulupo. Galimoto za zipani zimadutsa pa chipatala zikuimba ngati mkatimo mulibe odwala. Aliyense akufuna amveke. Nanga womva ndani? Alamu anga ankafuna kuti Salima yonse iziwamva, ndipo inkawamvadi. Amene sankamveka ndi anthu oposa khumi amene anali kumsana kwawo.

Ndipo nkhani si ya phokoso lokha. Funso la Che Kasimu lija limafunsidwa tsiku ndi tsiku m'dziko muno, kungoti ofunsidwa ndi okhala kutsogolo. Ndikudziwa loji ina imene imawotchera zinyalala ku mpanda wa kumbuyo, komwe amayi a m'mudzi amayanika nsomba ndi makaka. Mwini wake si munthu wankhanza, maliro a m'mudzimo amathandiza. Kungoti kuseri kwa mpanda wake sanaimeko. Komiti ya msika ikamasankha pokumba chimbudzi, mumaona kuti chimathera pafupi ndi benchi ya ndani? Si ya wapampando. Ngalande ya madzi oipa ikachoka pa nyumba ya njerwa, imalowera ku nyumba ya njerwa inzake?

Inenso Lachiwiri lija sindinali munthu woipa. Ndinali munthu amene sanakhalepo kumbuyo kwa galimoto yake. Lachitatu ndiye sindingadziikire kumbuyo, chifukwa munthu anayenda wapansi kudzandiuza pakhomo panga.

Lachisanu m'mawa tinabwerera pansi pa mango paja. Che Kasimu anali atamva kale, poti nkhani ya usipa inafika ku msika ife tisanafike. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangofunsa za mtsikanayo, ndipo nditawauza kuti watuluka m'chipatala anati Mulungu ndi wamkulu, n'kuyala katoni yawo.

Ndinakhala pa chitsa masiku awiri kuonerera ntchitoyo, kupatula nthawi imene anatseka kupita ku mzikiti ku swala ya Ijumaa. Anayamba ndi waya wamba, kumupinda pansi pa galimoto kutsata njira yonse imene paipi idzadutse, kuti akhale muyeso. Anatuma alamu kukatenga mchenga wa kunyanja, anauyanika pa lata pamwamba pa moto mpaka kuuma kuti gwa. Anati mchenga wonyowa ukatenthedwa m'paipi yotseka umaphulika. Anauthira m'paipi yatsopano, akugogoda kuti ulowe bwino, natseka mbali zonse ndi zitsekerero za mtengo. Akatenthetsa malo amodzi mpaka kufiira ngati phwetekere, ankakoka pang'ono, kuyerekeza ndi waya uja, kutenthetsanso. Mchengawo ndi umene umaletsa paipi kuphwanyika popindapo.

Pamwamba pa chitsulo cha matayala anasiya mpata wolowa chibakera ndi zala ziwiri, chifukwa galimoto ikasenza matumba imatsika. Anailambalalitsa kutali ndi thanki ya petulo ndi timapaipi ta mabuleki. Pomangirira anadula malamba ku tayala lakutha, kuti paipi izigwedera m'mabampu m'malo mothyoka.

Loweruka masana inatsala mbali yomaliza, ndipo funso lija linabweranso.

"Ingotulukirani kumbuyo molunjika, ngati mmene inalili kale," anatero a Lingisoni. Anali asanalankhule zambiri chichokereni Lachinayi.

Che Kasimu anakana. "Simuona kuti m'chilimwe amene amayera fumbi kwambiri ndi okhala ku chitseko cha kumbuyo? Mphepo ya kumbuyo kwa galimoto imazungulira n'kubwerera mkati. Mukatsitsa lona, utsi ubwerera momwemo. Itulukire pambali, kuseri kwa tayala. Koma mbali iti?"

Anafunsa akuyang'ana ine. Mwamwayi Abiti Selemani anali ataima pomwepo, akuchokera ku msika ndi beseni lawo, kudikira kuti mwina galimoto itha abwerere nayo.

"Afunseni awo," ndinatero.

Mayiyo sanachedwe. "Kumanzere ndi kumene timakwerera. Ndi kumenenso kumayenda a njinga ndi ana a sukulu, ndi kumene amayi amayala tomato. Ilozeni kumanja, pakati pa msewu. Muzipumitsana nokhanokha a magalimoto."

Che Kasimu anaseka koyamba chiwadziwireni. Anati kumanja kuli thanki, ndiye pafunika kupinda kawiri kena, koma zitheka.

"Ndipo musailozetse pansi kwambiri, ingatiutsire fumbi," anapitiriza Abiti Selemani. "Zibowo za pansizi mutseke. Lata ilinso muboole, tikaitana azimva."

Zonsezo zinachitika. Zibowo anazimata ndi zidutswa za mgolo. Pa lata paja pali kawindo tsopano, kolowa dzanja. Za usipa umene unatayika ine ndi mayiyo tinakambirana patokha n'kumvana.

Atailiza injini ndinayesa sinayake. A Lingisoni anamvetsera, anapukusa mutu, anati galimoto ikulira ngati makina osokera. Akudandaula kuti tsopano ayenera kuitana okwera ndi pakamwa, ndiponso kuti amphaka a ku Senga Bay akugona pa boneti chifukwa usipa wina unalowa m'malo osafikika. Koma Lamulungu, osatumidwa ndi munthu, anagwira nkhuku yawo n'kupempha mlongo wawo kuti awaperekeze kwa Nachisale. Anakhalako nthawi yochepa. Mayi a kunyumba akuti mtsikanayo anawalandira bwino, koma amuna ake anangopereka moni n'kulowa m'nyumba. Ine sindinapitebe. Ndikuyembekeza kuti mwanayo abadwe kaye, ndimve kuti ali bwino, ngakhale ndikudziwa kuti kumeneko n'kuzengereza chabe.

Chimene sindinakuuzeni ndi kumene sayilensa inachokera.

Loweruka lomwelo m'mawa ndinafunsa Che Kasimu ngati tiyenera kuitanitsa ku Lilongwe. Anandikodola, tinazungulira kuseri kwa kashedi kawo, anachotsa chilata chimene chinavundikira mulu wina. Pansi pake panali masayilensa. Osati owola ngati yanga ija. Abwinobwino, ena utoto usanachoke, ataunjikana mpaka m'chiuno mwanga.

"Sankhani, bwana."

"Mwawatenga kuti onsewa?"

"Ndinadula ndekha. Chiyambire matola. Amabwera kuchokera ku Chinguluwe, ku Chitala, ku Senga Bay konko. Aliyense akuti dulani, ndimveke."

"Simuwauza?"

"Ndimawafunsa chimene amanyamula kumbuyo, ngati mmene ndinakufunsirani inu. Mwini galimoto akalamula, ine ndine ndani? Ndikakana apita kwa wina." Anatola imodzi, anaigogoda ndi sipanala, anamvetsera kulira kwake. "Ndimasunga. Ndimati Insha Allah adzabwera kudzawafuna. Inu ndinu woyamba."

Ndinayamba kuwerenga muluwo, koma ndinalekera panjira. Chitini chilichonse pamenepo ndi galimoto imene ili pa msewu lero lino, yodzaza anthu kumbuyo, ndipo mvula ikadali ndi miyezi iwiri.

Akazi anu akwera iti m'mawa uno?